Phula la panjira ya pakhomo lang'aluka: tizigambe kapena tiyambirenso, ndipo ntchito tipatse ndani?

Funso: Ndili ndi nyumba ku Area 49 ku Lilongwe. Njira yochokera pageti kufika kugalaja ndi yotalika mamita 30, m'lifupi mamita 4, ndipo kutsogolo kwa nyumba kuli bwalo loimikapo magalimoto la mamita 10 kwa 6. Tidaikitsa phula mu Novembala, koma mvula isanathe n'komwe pageti padakumbika maenje, ndipo modutsa matayala mwang'aluka. Makontrakitala atatu andipatsa mitengo yosiyana kwambiri. Wotchipa kuposa onse akuti ali ndi phula lotsala pa ntchito ya msewu, ndipo atha kungothira pamwamba pa lakalelo tsiku limodzi. Ndisankhe uti? (Mayi wa ku Area 49)

Yankho: Mayi, mitengo itatuyo iyambe yadikira. Itanani mnyamata wa piki akumbe malo atatu: pageti pomwe pali dzenje, pakati pa njira pomwe pang'aluka, ndi pamalo amodzi pomwe pakuoneka kuti padakali bwino. Akumbe masentimita 40 kupita pansi, inu muyeze ndi tepi m'mbali mwa dzenjelo, mujambule ndi foni. Muone kuti phula ndi lochindikala bwanji, pansi pake pali chiyani, ndipo dothi lake ndi lonyowa kapena louma. Popanda kukumba, makontrakitala onse atatu akungolota mtengo, ndipo inunso mulibe poyambira kuwafunsa.

Phula palokha silinyamula galimoto. Limatchinga madzi ndi kupereka posalala, monga malata amatchingira mvula pomwe chonyamula nyumba ndi maziko. Njira ya pakhomo yodutsa magalimoto ang'onoang'ono, ndi lole ya apo ndi apo, imamangidwa chonchi kuchokera pansi. Dothi lakuda la pamwamba, lokhala ndi mizu ndi zinyalala, limachotsedwa lonse, nthawi zambiri masentimita 15 mpaka 30. Dothi lotsalalo amalithira madzi ndi kulitsendera ndi rola. Pamwamba pake pamabwera base, kutanthauza miyala ya kwale yosakaniza ndi fumbi lake kapena gelevulo wabwino, masentimita 15 akatsendereka. Ngati dothi la pamalopo ndi lofooka, pansi pa base pamayalidwanso gelevulo wina wa masentimita 15. Kenako amawaza prime, mafuta akuda amadzi omatiza phula ku base, ndipo pomaliza ndi pomwe pamabwera phula lotentha, masentimita 3 mpaka 4 rola itadutsa. Katondo wofiira wa madera ambiri a Lilongwe amapirira akatsenderedwa bwino ndi kutetezedwa ku madzi. Malo a m'mphepete mwa dambo ndi dothi la makande, lija limatupa kukagwa mvula n'kung'aluka m'chilimwe, ndi nkhani ina: pamenepo pamafunika kukumba mozama ndi kubweretsa dothi lina. Ngati pamalopo padali chulu, chiyenera kukumbidwa chonse, chifukwa mphako za chiswe zimadzatitimira pansi pa matayala.

Tsono yerekezani ndi zomwe mupeze m'maenje anu. Mukapeza phula la masentimita 2 litakhala pa dothi wamba kapena pa gelevulo wochepa, palibe chozigamba. Njirayo iyenera kuyambidwanso.

Maonekedwe a ming'alu nawo amanena zambiri. Ming'alu yolukanalukana modutsa matayala, yomwe amisiri amati ya chikopa cha ng'ona, imasonyeza kuti pansi pakufwamphuka galimoto ikamadutsa: base ndi yofooka, ndi yopyapyala, kapena yalowa madzi. Mng'alu umodzi wautali wotsata m'mphepete umabwera kaamba kosowa chotchinga m'mbali, kapena mizu ya mtengo wa mango, jakaranda kapena bulugama yomwe ikuyamwa madzi pansipo. Miyala ikamayoyoka pamwamba, phulalo lidayalidwa litazizira, lidachepa mafuta ake akuda, kapena rola idadutsa mochedwa. Phula likamasendeka m'zigamba n'kusiya base yoyera, sadawaze prime kapena adayala pafumbi. Pomwe patitimira pamalo amodzi okha ndipo pamakhala chinyontho ngakhale m'chilimwe, tsekani mipopi yonse ya m'nyumba muone ngati mita ya Water Board ikuyendabe. Paipi yochucha pansi pa njira imawononga ngakhale ntchito yabwino.

Kuikitsa phula mu Novembala kudali kutchova njuga. Base ikanyowa ndi mvula yoyamba n'kuphimbidwa isanaume, chinyontho chimatsekeredwa mkati ndipo sichituluka msanga. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julayi ayale dzuwa litakwera, chifukwa phula la masentimita 3 limazizira m'mphindi zochepa likagwera pansi pozizira kuli mphepo.

Za kontrakitala wa phula lotsalayo, mukaneni. Malo anu ndi masikweya mita 180. Phula lotsendereka limalemera pafupifupi matani 2.4 pa kiyubiki mita, ndiye kuti pa masentimita 4 mukufunika matani 17 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pa masentimita 3 matani 13. Palibe ntchito ya msewu yomwe imatsaza matani 17 mwangozi, pakuti phula limaphikidwa molingana ndi oda ya tsikulo. Chomwe chimabwera chikatchedwa chotsala chimakhala chimodzi mwa zitatu. China ndi phula lenileni koma lomwe lakhala m'lole maola ambiri, lazizira, ndipo silingatsendereke. China ndi phula lakale lopalidwa pamsewu, lowazidwa dizilo kapena oyilo wakuda kuti liwale. Phula lopalidwa palokha ndi labwino kuyala pansi ngati base, koma pamwamba limayoyoka. Chachitatu ndi katundu wopatutsidwa pa ntchito ya boma, ndipo wogula katundu wotere mlandu umamukhudza. Ngakhale phulalo litakhala labwino, kuthira pamwamba pa ming'alu ya ng'ona n'kutaya ndalama: pansi pakadafwamphukabe, ndipo ming'alu yomweyo imatulukira pamwamba dzinja limodzi lokha. Kuthira pamwamba kumakwezanso njira, madzi n'kuyamba kulowera kugalaja.

Musanafunenso phula, dzifunseni ngati ndilo loyenera pamalo ponse. Makina ophikira phula ndi ochepa m'dziko muno, ambiri ndi a makampani akuluakulu a misewu, ndipo amayatsidwa pakakhala ntchito yaikulu. Kontrakitala wamng'ono amakagula komweko. Pa malo a masikweya mita 180, mtengo wobweretsa rola, makina oyalira ndi malole umagawidwa pa malo ochepa, choncho sikweya mita iliyonse imadula. Anthu oyandikana akagwirizana kuti ntchito zawo zichitike sabata imodzi, mtengo umatsika. Pabwalo loimikapo magalimoto ine ndingakulangizeni njerwa za simenti zolowana, zija amati ma interlocking, za mamilimita 60, kapena 80 ngati pamaima lole. Phula limadana ndi galimoto yoima malo amodzi: dizilo ndi oyilo wodontha amalisungunula, ndipo kupotoza chiwongolero galimoto ili chiimire pa dzuwa la mu Okutobala kumalikwinya. Njerwazi zimazulidwa n'kubwezeretsedwa paipi ikaphulika. Pageti penipeni, mamita awiri kapena atatu oyambirira, ikani konkire ya masentimita 15, chifukwa mpomwe magalimoto amamanga mabuleki, kukhota ndi kuima podikira geti, komanso mpomwe madzi amasonkhana. Koma dziwani kuti njerwa ndi konkire zimafunanso base yomweyo yotsendereka bwino.

Tibwere kwa awiri otsalawo. Apempheni satifiketi ya bungwe loyang'anira makontrakitala, lomwe ambiri timalidziwa ndi dzina la NCIC, ndipo muone kuti ndi ya chaka chino komanso kuti ikukhudza ntchito za misewu ndi ngalande, osati kumanga nyumba kokha. Apempheni nambala ya msonkho ya MRA, ndipo dzina la pa satifiketi, la pa koteshoni ndi la akaunti yomwe mudzalipireko likhale limodzi. Pali ena amabwereka mapepala a anzawo. Mapepala akakhala bwino, chotsatira ndi kukaona ntchito zawo. Musalole kuonetsedwa ya mwezi watha, chifukwa phula latsopano lililonse limakongola. Pemphani ntchito yomwe yadutsa madzinja awiri, mupiteko, muyang'ane m'mphepete, pageti ndi polumikizira, ndipo mulankhule ndi mwini nyumba kontrakitalayo palibe.

Mafunso ochepa amasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongoyesa. Madzi a mvula achoka bwanji pamalo pano? Wodziwa amayendera malo ndi chingwe kapena levulo asanatchule mtengo, n'kukuonetsani komwe madzi atsikire. Phula mukagula kuti, ndipo lole iyenda nthawi yaitali bwanji? Akakuuzani kuti tsiku loyala lidalira tsiku lomwe makina ophikira ayatsidwe, ameneyo akunena zoona. Rola ndi yolemera bwanji, ndi yanu kapena yobwereka? Kamakina kogwira pamanja kopsinja ndi mbale n'koyenera m'makona ndi m'mbali mwa khoma basi. Base ya masentimita 15 imafuna rola yonjenjemera, ndipo phula limafuna rola ya mawilo awiri achitsulo yosachepera tani imodzi kapena awiri. Funsaninso kuti kapitawo wokhala pamalopo tsiku ndi tsiku ndi ndani, chifukwa wobweretsa koteshoni kawirikawiri si amene amaima padzuwa.

Mitengo yanu yasiyana kwambiri chifukwa aliyense akuwerengera ntchito yakeyake. Lembani pepala limodzi la zomwe mukufuna, mupatse onse, kuti ayike mitengo pa mizere yofanana: kuswa ndi kuchotsa phula lakale, kukumba ndi kutaya dothi, kutsendera pansi, base ya masentimita 15, prime, phula, makebu a konkire m'mbali, ngalande ndi kalavati. Pa malo anu base ndi makiyubiki mita 27 ikatsendereka, zomwe zikutanthauza pafupifupi 35 za pa lole, poti miyala yothiridwa imatsika ikapsinjidwa. Prime ya mtundu wa MC-30 imawazidwa pafupifupi malita 0.8 mpaka lita imodzi pa sikweya mita, ndiye kuti dilamu imodzi ya malita 200 ikukwanirani. Pa mzere wa phula palembedwe mawu akuti rola itadutsa. Apa mpomwe ambiri amaberedwa: phula loyalidwa masentimita 4 limatsika kufika pafupifupi masentimita 3, kotero kuti mupeze 4 ayenera kuyala 5. Kontrakitala wochotsa sentimita imodzi pa malo anu wasunga matani opitirira 4 m'thumba mwake, ndipo ndi maso simungaone. Mafuta akuda ophikira phula amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja, choncho koteshoni itchule tsiku lomwe mtengowo uthere mphamvu, ndiponso ngati msonkho wa VAT uli momwemo.

Malipiro agawidwe potsata ntchito yomwe mwaiona. Ndalama yoyambira isapitirire 20 kapena 25 pa 100 iliyonse. Gawo lachiwiri lilipiridwe base ikatha ndipo mwaivomereza, lachitatu phula likayalidwa, ndipo 10 pa 100 iliyonse mutsale nayo mpaka dzinja lidutse. Mgwirizano unene kuti kwa miyezi 12 chilichonse chowonongeka chifukwa cha kagwiridwe ka ntchito adzakonza ndi ndalama zake. Wokana kusungiridwa ndalama ya dzinja akudziwa chomwe mvula idzaulule. Lipirani kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni, ndipo chilichonse chosintha pakati pa ntchito chilembedwe ndi mtengo wake asanachichite.

Masiku a base ndiwo ofunika kuti mukhalepo, kapena mulembe injiniya kapena teknishani wa misewu woima payekha kuti abwere katatu kokha: pansi pakatsenderedwa, base ikatha, ndi tsiku la phula. Gelevulo akafika, tengani fumbi lake, mulinyowetse, mulipote pakati pa zikhato. Likamapanga kachingwe kakatali kowonda osaduka, muli dongo lambiri, ndipo gelevulo wotere amafewa akanyowa. Mubwezeni. Pa nthawi yotsendera, finyani dothi m'dzanja: ligwirane osagwa, koma lisatulutse madzi. Louma kwambiri silitsendereka ngakhale rola idutse kakhumi, ndipo lonyowa kwambiri limangothawira m'mbali. Asathire masentimita 30 nthawi imodzi, koma 15 kenako 15. Base ikatha, uzani dalaivala wa tipa yodzaza ayende pang'onopang'ono inu mukuyang'ana pansi pa matayala akumbuyo. Pomwe pakutitimira kapena kugwedezeka pakumbidwe ndi kukonzedwa. Ngati mukufuna umboni wa manambala, Central Materials Laboratory ya boma ku Lilongwe ndi ma labotale ena amayeza kutsendereka kwa dothi, ndipo pa base mulingo wozolowereka ndi 98 peresenti pa kayezedwe kotchedwa Mod AASHTO. Mtengo woyeza ndi wochepa poyerekeza ndi kuyambiranso kachitatu.

Kupendekeka kuonedwe pa base, chifukwa phula limangotsata zomwe lapeza. Njira ipendekere mbali imodzi masentimita 2 mpaka 2.5 pa mita iliyonse, ndiye kuti pa mamita 4 anu mbali ina itsike ndi masentimita 8 mpaka 10, kutali ndi nyumba. Pamwamba pa njira pakhale pansi pa simenti ya m'nyumba ndi masentimita osachepera 15. Madzi a pa malata asagwere pa phula, alowe m'ngalande. Base isanayalidwe, kwirirani mapaipi awiri a PVC a mamilimita 110 opingasa njira, otsekedwa kumapeto, kuti tsiku lomwe mudzafune kudutsitsa paipi ya madzi kapena waya wa geti musadzadule phula. Ngalande ya kunja kwa mpanda ndi ya msewu, choncho musanasinthe kalavati wa pageti kaonaneni ndi khonsolo ya mzinda. Kalavati wochepa kapena wotsekeka ndi mchenga amabweza madzi pansi pa njira, ndipo n'kutheka kuti maenje a pageti panu adayambira pamenepo.

Base isesedwe mpaka miyala ioneke, kenako awaze prime mofanana ponse, osati mizeremizere ya kuthira ndi chitini choboola. Isiyidwe masiku awiri kapena atatu kuti ilowe ndi kuuma, magalimoto osadutsapo. Apa pokha mukuona kuti ntchito ya tsiku limodzi siingatheke.

Tsiku la phula, lole iliyonse ibwere yofunditsidwa ndi lona ndipo ikhale ndi tikiti ya sikelo. Sungani matikitiwo muphatikize matani. Phula limachoka kophikira lili pa madigiri 150 mpaka 165, liyenera kuyalidwa lisanatsike pansi pa 130, ndipo rola imalize lisanafike cha m'ma 80. Kontrakitala weniweni amakhala ndi choyezera kutentha. Phula lomwe likutsika m'lole m'mibulu yolimba lazizira, ndipo lofuka utsi wabuluu lapsa. Onse awiri abwezedwe. Tengani msomali wautali, muuike chizindikiro pa masentimita 5, muzibaya m'phula rola isanadutse. Anyamata amakonda kupaka dizilo pa mafosholo, pa mareki ndi m'lole kuti phula lisamatirire. Aletseni, agwiritse madzi a sopo, chifukwa pomwe padontha dizilo pamasanduka dzenje. Rola iyambire mbali ya m'munsi kukwera, iyende pang'onopang'ono mawilo ali onyowa, ndipo isaime pa phula lotentha. Polumikiza phula la dzulo ndi la lero adule m'mphepete molunjika ndi kupaka emulsion, phula lamadzi lomatira. Kukagwa mvula ntchito iime, ngakhale lole ili pageti.

N'kutheka kuti kukumba kuja kuonetsa kuti base ndi yabwino ndipo kwawonongeka malo ochepa. Zikatero zigamba n'zokwanira, bola malo owonongeka asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a njira yonse. Chigamba chabwino amachidula cha makona anayi ndi makina odulira, masentimita 30 kupitirira pomwe pathera ming'alu, makoma ake oongoka. Amachotsa zonse zofewa mpaka pouma ndi polimba, kubwezeretsa base m'magawo a masentimita 10 akutsendera, kusesa, n'kupaka emulsion pansi ndi m'makoma. Emulsion imayamba ya bulauni, ndipo ikada ndiye kuti yakonzeka. Kenako amathira phula lokwera pang'ono kuposa lakale kuti likatsendereka lifanane nalo. Pa maenje ochepa, phula lozizira la m'matumba limathandiza, loikidwa m'magawo osapitirira masentimita 5, ngakhale silikhalitsa ngati lotentha. Ming'alu yoyenda payokha, yoposa mamilimita 3, iyeretsedwe ndi kuthiridwa phula lamadzi mvula isanayambe. Kupaka njira yonse utoto wakuda kapena emulsion yosungunula kumangobisa ming'alu kwa miyezi iwiri, ndipo ena amagulitsa zimenezi ngati kukonza.

Ntchito ikatha, galimoto zidikire masiku awiri kapena atatu. Lole za mchenga, za njerwa ndi zopopa zimbudzi ziziima kunja kwa geti ngati njirayo sidamangidwire katundu wotere, ndipo ngati mukudziwa kuti zizilowa, nenani pa koteshoni kuti awonjezere base ndi phula lifike masentimita 5. Thirani ndowa zingapo za madzi tsiku lolandira ntchito: pomwe madzi akudikha kupitirira mamilimita ochepa palembedwe kuti pakonzedwe musanapereke gawo lachitatu la ndalama.

Za kontrakitala wa Novembala uja, ngati mudalemberana kanthu kapena muli ndi mauthenga a pa foni otchula kuchindikala kwa phula, zithunzi za maenje atatu aja ndi tepi ili pambali ndi umboni wokwanira. Mulembereni kalata yomupatsa masiku 14 kuti abwere adzaone, musanalole wina kuswa njirayo. Akapanda kuyankha, kadandauleni ku bungwe lomwe lidamupatsa satifiketi, ndipo zidutswa zingapo za phula lakalelo muzisunge m'thumba.